Buku lothothoka masamba omaliza

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 22, ndimakhala pa Bwanje m'boma la Ntcheu. Ndidalemba mayeso a Fomu 4 zaka zitatu zapitazo, ndipo podikira mwayi wa sukulu ndimagulitsa mu okala ya achimwene anga m'mphepete mwa msewu wa M5. Masana dzuwa likafika paliwombo makasitomala amasowa, ndiye ndimangokhala ndikuwerenga magalimoto opita ku Salima. Mwezi wathawu dalaivala wina wa lole anandisiyira buku lakale lachingerezi la Agatha Christie lotchedwa The Murder of Roger Ackroyd. Ndinaliwerenga masiku anayi, usiku ndikuunika ndi tochi ya foni. Koma Azakhali, nditafika pamene wofufuza uja wasonkhanitsa anthu onse n'kuwauza kuti wakupha ali pakati pawo, ndinapeza kuti masamba omaliza adathothoka kalekale. Mpaka lero mtima uli m'malere.

Chonde ndiuzeni, adapha bambo aja ndani? Mundiuzenso mabuku ena otere ndi komwe ndingawapeze, poti kuno kulibe sitolo ya mabuku. Vuto lina ndi malume anga, omwe ndi mkulu wa mpingo. Ataona chithunzi cha mpeni pachikuto anakalipa kuti mabuku otere amaphunzitsa umbava ndi kupha, ndipo mwana wamkazi wowerenga zotere sangalongosoke. Ndimawapatsa ulemu kwambiri chifukwa ndi amene adandilipirira fizi bambo anga atamwalira. Kodi ndikulakwa?

Nangozo, Bwanje

Nangozo mwana wanga,

Dzina la wakupha sindikuuza. Ndikulidziwa, ndakhala nalo zaka zoposa 30, ndipo ndikukumbukira mpando umene ndidakhalapo tsiku limene ndidalidziwa. Chimene ndidamva tsiku limenelo munthu amachimva kamodzi kokha pa buku limeneli, ndiye nditati ndikuuze lero ndingakhale ndakulanda chinthu chimene sindingathe kukubwezera. Pirira pang'ono, pofika kumapeto kwa kalatayi ndikuuza komwe masamba ako otayikawo ali.

Ndiyambe ndi malume ako, chifukwa kusowa kwa mabuku n'kopepuka poyerekeza ndi kusowa kwa mtendere pakhomo. Usawaone ngati munthu wotsalira. Anthu a msinkhu wawo adakula nthawi imene mabuku a James Hadley Chase ankayenda dzanja ndi dzanja m'masukulu a sekondale ndi m'maofesi, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ambiri pachikuto pali mkazi wosavala mokwanira atagwira mfuti. Ine ndidawerenga ochuluka ndithu, ndipo sindingakunamize kuti ndi mabuku a mwambo. Chase, Mngelezi amene dzina lake lenileni lidali René Raymond, ankadziwa kumugwira wowerenga mpaka nsima kupserera pamoto. Koma m'nkhani zake zambiri ndalama ndiye mulungu, mkazi ndi nyambo, ndipo umapezeka ukuyenda limodzi ndi chigawenga n'kumachifunira mwayi kuti chisagwidwe. Ngati ataona mpeni pachikuto malume ako anakumbukira zimenezo, mantha awo ali ndi gwero.

Buku uli nalolo ndi la fuko lina. Nkhani ya wofufuza milandu, amene akale ankamutcha tifitifi, imayamba magazi atakhetsedwa kale, ndipo tsamba lililonse kuchokera pamenepo limakana kuti magaziwo angouma basi anthu n'kuiwala. Imakananso chinthu chachiwiri, chimene ine ndimachiona chachikulu kuposa choyambacho: imakana kuti munthu agwidwe chifukwa choti nkhope yake ndi yoipa, kapena ndi mlendo, kapena adayambana ndi malemu chaka chatha. Waona wekha m'buku lakolo momwe mudzi wonse wa King's Abbot udathamangira kuloza chala mnyamata amene adasowa usiku wa imfayo, ndi momwe wofufuza Hercule Poirot adakanira kuthamanga nawo. Iye akufunsa za mpando umene wasunthidwa pamalo pake, za foni imene idalira usiku, za mphindi zingapo zimene sizikugwirizana. Mkulu wa mpingo sangadane ndi khalidwe limenelo, poti ndi lomwe lili m'Baibulo lawo. Pa Deuteronomo 19 lamulo likukana kuti munthu atsutsidwe ndi mboni imodzi yokha. Pa 1 Mafumu 3 Solomo ali ndi amayi awiri, mwana mmodzi wamoyo, wopanda mboni ngakhale imodzi, ndipo akutchera msampha kuti choonadi chidziulule chokha. M'Baibulo la Akatolika muli Danieli akufunsa akuluakulu awiri payekhapayekha za mtengo umene amati adaonerapo Suzana akuchimwa, aliyense n'kutchula mtengo wake. Apolisi mpaka lero amalekanitsa mboni pa chifukwa chomwecho.

Koma usakawayalire mavesi amenewa ngati mwakumana pa mlandu. Mwana satsutsa malume ake ndi Baibulo pamaso pa anthu, ndipo ukatero ungapambane mkangano n'kutaya munthu amene adakulipirira fizi. Dikira madzulo ena mutadya, uwapemphe kuti uwasimbire nkhani imodzi m'Chichewa, ndipo usankhe ya Sherlock Holmes yotchedwa Silver Blaze, ya mu 1892. Hatchi ya mpikisano yasowa m'khola usiku, woiphunzitsa wapezeka atafa kuthengo, apolisi agwira kale mlendo amene adaoneka akuzungulira pamalopo madzulo ake. Holmes akufunsa chinthu chimodzi chimene aliyense adachidumpha: m'kholamo mudali galu, nanga bwanji sadauwe? Pamene pali hatchi iwe uikepo ng'ombe, ndipo udzaona kuti nkhaniyi ndi ya m'chigwa cha Bwanje momwemo. Mlimi aliyense amene adadzukapo m'mawa n'kupeza mpata wa khola uli pululu, agalu atagona tulo tawo usiku wonse, amadziwa tanthauzo lake. Ukafika pa galuyo uime, uwafunse kuti, malume, inu mukuti watulutsa chiwetocho ndani? Munthu amene wakhala pabwalo la mpingo zaka zambiri akumva milandu ya anthu sangalephere kuyankha. Galuyo saulula zonse, patsogolo pali china chimene chidzawadzidzimutse, ndiye mwina adzafuna okha kuti umalize. Akakana ndithu, usabise mabuku kunsi kwa mphasa ngati chinthu chakuba. Uwerengere kuokala, uwauze poyera kuti ukuwerenga, ndipo khalidwe lako likhale mboni yako.

Ndifuna udziwenso kuti chilakolako chimene chakugwirachi sichidabwere ndi azungu. Kusukulu mwina udakumana ndi Sikusinja ndi Gwenembe, buku la John Gwengwe lochokera m'nthano ya makolo: abale awiri abwerera kuchokera kogwira ntchito, wina apha mnzake panjira chifukwa cha chuma, ndipo mbalame imulondola wakuphayo ikuimba zimene wachita mpaka kumudzi. Imeneyo ndi nkhani ya kupha ndi kuululika kwake, ndipo ana a ku Malawi akhala akuimvera tsitsi lili nyaunyau kuyambira kale. Kusiyana kwake n'kwakuti m'nthano choonadi chimabwera chokha pa mapiko a mbalame. M'moyo uno mbalame yotere kulibe. Tsono anthu akasowa mbalame amatsata imodzi mwa njira ziwiri. Ena amapita kwa woombeza kuti awalozere munthu, monga zidalili ndi mwavi, umene lamulo la 1911 lidaletsa pamodzi ndi kutchula munthu kuti ndi mfiti, kapena monga zidalili ndi mchape uja Sylvester Paliani adalemba m'buku lake 1930 Kunadza Mchape. Ena amawerama pansi n'kulondola mapazi, kufunsa mboni, kuyerekeza mawu a uyu ndi a uyo, monga zimachitikira pabwalo la mfumu yanzeru, kumene nduna zimaumirira kuti tinene chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Buku labwino la wofufuza limaima ndi anthu achiwiriwa.

Ndikuchedwa pamfundoyi chifukwa imandiwawa. Mu Januwale 2016 ku Neno mphenzi idapha mtsikana, ndipo anthu okalamba anayi adaphedwa ndi anthu a kwawo komwe powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenziyo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidayaka ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira mpaka ku Blantyre, anthu n'kuphedwa pamsewu chifukwa chonyamula chikwama chachilendo kapena kusadziwika m'deralo. Palibe amene adaima kuti afunse: waona ndani, adaona chiyani, nthawi yanji, ali pati? Sindikunena kuti mabuku a Agatha Christie akadapulumutsa agogo a ku Neno. Koma ndikudziwa kuti munthu amene wanamizidwa ndi maganizo ake omwe kakhumi, buku ndi buku, akulumbira kuti wakupha ndi uyu kenaka n'kupeza kuti adali wosalakwa, amayamba kuliopa liwu la mumtima lija limati ndi yemweyu basi. Amaphunzira kukhala ndi chikayiko osachita nacho manyazi. Mudzi uliwonse ukusowa anthu angapo otere, oti khamu likamatola miyala iwo n'kufunsa funso.

Tsono nawa mabuku. Yamba ndi The Hound of the Baskervilles la Arthur Conan Doyle, la mu 1902, chifukwa likukhudza zomwe ndangonenazi. Banja lina lolemera la ku Dartmoor ku England limakhulupirira kuti lidatembereredwa, kuti chigalu cha mizimu chimapha amuna a m'banjamo usiku kudambo. Mkulu wa banja wafa, pafupi ndi mtembo pali mapazi a chigalu, ndipo ngakhale dokotala wa m'deralo wagwidwa ndi mantha. Holmes sanyoza mantha a anthuwo, komanso salowa nawo. Iye akuvutika ndi nsapato imodzi imene yasowa pahotela ku London. Doyle adali dokotala, adaphunzira ku Edinburgh, ndipo khalidwe la Holmes adalitengera kwa mphunzitsi wake Joseph Bell, amene ankatha kudziwa ntchito ya wodwala pongoona manja ndi kayendedwe kake. Za Holmes zilipo nkhani zazitali 4 ndi zazifupi 56. Zazifupizo n'zokukwanira bwino pakati pa kasitomala ndi kasitomala. Chingerezi chake n'chachikale pang'ono, koma usaime pa liwu lililonse lachilendo. Lemba mzere kunsi kwake ndi pensulo, pitirira, udzalifufuze madzulo. Ukamaima paliponse nkhani imazizira.

Kwa Agatha Christie wafika kale, ndipo kumeneko sudzasowa chowerenga msanga, poti adalemba mabuku a ofufuza 66 asanamwalire mu 1976. Anthu ambiri adzakuuza za Murder on the Orient Express ndi And Then There Were None, ndipo sakunama, ndi abwino. Koma ine kwa iwe ndikusankhira Miss Marple, kuyambira ndi The Murder at the Vicarage la mu 1930. Ameneyu ndi gogo wosakwatiwa wa m'mudzi wa St Mary Mead, woluka majuzi, amene apolisi amamuona ngati wamiseche chabe. Nzeru zake zonse zimachokera poti wakhala m'mudzi umodzi moyo wake wonse akuyang'ana anthu, ndiye akaona munthu wachilendo amakumbukira wina wa kwawo amene adali ndi mtima wofanana naye. Iwe wa mu okala udzamumvetsa kuposa ophunzira a ku yunivesite. Umadziwa amene ankagula shuga wa pasupuni koma sabata ino wagula paketi yathunthu thonje lisanagulitsidwe. Umadziwa amene wasiya kutuma mwana n'kumabwera yekha, ndi amene amagula sopo wonunkhira n'kumuika m'thumba la jekete m'malo mwa jumbo yopita kunyumba. Uonetsetse chinthu chimodzi mwa gogo ameneyu: amaona zambiri koma amatsegula pakamwa pokhapokha moyo wa munthu uli pangozi kapena wosalakwa ali m'chitokosi. Zimene kauntala yakuonetsa si zokafalitsa kumjigo.

Ukatopa ndi nyumba za azungu zokhala ndi antchito ovala mataye, bwerera kuno ku Africa. Losavuta kupeza ndi The No. 1 Ladies' Detective Agency la Alexander McCall Smith, la mu 1998. Precious Ramotswe wagulitsa ng'ombe zimene bambo ake adamusiyira n'kutsegula ofesi yofufuza ku Gaborone, ndipo milandu yake ndi yonga ya kwathu: mwamuna wosowa, munthu wodzitcha bambo wa mwini nyumba kuti azidya zaulere, dokotala amene lero akudziwa ntchito mawa osaidziwa. Chingerezi chake n'chofewa ngati phala, ndipo malume ako sangapezemo chowakhumudwitsa. Komabe ndikuuze maganizo anga. Wolembayo ndi mzungu wobadwira ku Bulawayo, amaikonda Botswana ndi mtima wonse, koma chikondi chakecho chimathira shuga wambiri. Ukamaliza limenelo ufunefune The Screaming of the Innocent la Unity Dow, la mu 2002. Mayi ameneyu ndi Mtswana, ndipo adali mkazi woyamba kukhala jaji wa khoti lalikulu m'dziko lawo. Kamtsikana ka zaka 12 kasowa m'mudzi, apolisi atseka nkhani ponena kuti kadadyedwa ndi zilombo, ndipo patapita zaka zisanu mtsikana wina wa msinkhu ngati wako, wotumizidwa kukathandiza pachipatala chaching'ono, apeza bokosi la zovala zamagazi. Akuluakulu amene adapha mwanayo pofuna zizimba ndi anthu olemekezeka, ndipo ndiwo ali ndi mphamvu yotseka pakamwa pa aliyense. Bukuli n'lopweteka, usaliwerenge usiku uli wekha. Ndikulitchula chifukwa ife tikuidziwa nkhani imeneyi. Pa mlandu wa mnyamata wachialubino amene adaphedwa ku Machinga mu 2018, khoti lidapeza anthu 12 olakwa mu 2022, ndipo pakati pawo padali wansembe, wapolisi ndi wachipatala.

Ku Ghana kuli mabuku awiri amene adatuluka chaka chimodzi, 2009. Wife of the Gods la Kwei Quartey likutsata wapolisi Darko Dawson, wotumidwa kuchoka ku Accra kupita kumudzi kumene mtsikana wophunzira udokotala wapezeka atafa m'nkhalango, apolisi a kumeneko atagwira kale mnyamata wosauka kuti nkhani ithe msanga. Tail of the Blue Bird la Nii Ayikwei Parkes ndimalikonda koposa, chifukwa limaika pamphasa imodzi mnyamata wophunzira za kupima mitembo ku England ndi mlenje wokalamba wa m'mudzi, wina ali ndi zipangizo zake, wina ali ndi nthano yake imene akuisimba pang'onopang'ono pa mowa. Wolembayo sapeputsa aliyense wa awiriwa. Awa ndi ovuta kuwapeza kuno, koma lemba mayina awo kuseri kwa kope la ngongole, tsiku lina udzawaona. Ukakumananso ndi timabuku tating'ono ta Pacesetters, timene kampani ya Macmillan idayamba kutulutsa mu 1977, usatidutse. Si tonse ta ofufuza, tina n'tachikondi, koma muli The Smugglers la Kalu Okpi wa ku Nigeria ndi ena otere amene adaphunzitsa m'badwo wathu kuwerenga popanda mphunzitsi kutiimirira ndi ndodo.

Mwina ukufunsa kuti nanga a kwathu ali kuti. Olemba nkhani zokoka mtima tidali nawo. Aubrey Kalitera adatulutsa A Taste of Business ku Nairobi mu 1976, kenaka n'kumasindikiza yekha mabuku ake pa dzina la Power Pen Books. M'Chichewa Willie Zingani, Jolly Max Ntaba ndi Whyghtone Kamthunzi adalemba za umbombo, chinyengo ndi mapeto ake owawa. Koma wofufuza weniweni, woti tizimudziwa ndi dzina buku ndi buku monga Holmes, Chichewa chikumudikirabe. Ine ndimaona kuti china chidatilepheretsa ndi nthawi imene tidadutsamo. Kuyambira 1968 buku lililonse linkadutsa m'manja mwa bungwe lounika ndi kuletsa mabuku, ndipo funso loti wapha ndani lidali funso loopsa. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza, dziko n'kuuzidwa kuti idali ngozi ya galimoto. Padatenga bungwe lofufuza la mu 1994 kuti zinenedwe poyera kuti adachita kuphedwa ndi apolisi. M'dziko limene aliyense akudziwa koma palibe wofunsa, ndani akadalimba mtima kulemba za munthu amene ntchito yake ndi kufunsa? Anzathu a Chiswahili adayamba kale. Muhammed Said Abdulla wa ku Zanzibar adatulutsa Mzimu wa Watu wa Kale mu 1960, ndipo wofufuza wake Bwana Msa akudziwika mpaka lero ku Tanzania ndi ku Kenya. Chiswahili ndi chilankhulo chachibale ndi chathu. Chimene chidatheka kumeneko palibe chochiletsa kuno, ndipo ndikaganiza za mtsikana amene wakhala pakauntala m'mbali mwa M5 akuona malole, mavenda a thonje, ngolo ndi alendo otsika minibasi usiku, sindiona chifukwa choti wolembayo asakhale iwe. Gula kope lina la masamba ambiri, losiyana ndi la ngongole.

Za kopeza mabuku, yambira pafupi. Pita kusekondale imene udaphunzira ukapemphe aphunzitsi a Chingerezi kuti akutsegulire kabati ya mabuku. M'masukulu ambiri muli makatoni a mabuku a mphatso ochokera kunja amene palibe amawagwira poti sabwera pamayeso, ndipo Christie amapezeka kawirikawiri m'makatoni otero. Funsanso kumalo a aphunzitsi, ku TDC ya zoni yanu. Bungwe la National Library Service, limene likulu lake lili ku Lilongwe, limabwereketsa mabuku m'nthambi zake ndipo limathandizanso malo owerengera akumidzi, ndiye gulu la anthu angapo lokhala ndi kalata ya mfumu kapena ya ahedi limamveka msanga kuposa munthu mmodzi. Achimwene ako akamapita kukaoda katundu ku Limbe kapena ku Lilongwe, uwapatse kapepala ka mayina, chifukwa ogulitsa mabuku akale oyala pansi m'mbali mwa misewu amakhala nawo pamtengo wokambirana. Uwalangize kuti asanapereke ndalama atembenuze buku aone ngati tsamba lomaliza lilipo. Dalaivala adakusiyira buku uja usamuiwalenso. Anthu a pamsewu amafika kutali, ndipo amene wanyamula buku limodzi m'lole amadziwa komwe kuli ena.

Ukakhala ndi mabuku atatu kapena anayi usawaunjike pamutu pa bedi. Pa Bwanje, Sharpevale ndi Kasinje pali aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaumoyo ndi anzako a Fomu 4 amene akutopa ndi masana ngati iwe. Ika mabukuwo pa shelefu imodzi mu okala, achimwene ako akalola, ndipo wofuna kubwereka azisiya lake. Lembani m'kope dzina, buku ndi tsiku. Likutireni buku lililonse ndi pepala la khaki kapena pulasitiki ya shuga, ndipo msana wake muusoke ndi ulusi usanayambe kumasuka, chifukwa masamba oyamba kuthothoka amakhala a kumapeto, kenaka n'kukathera kokulungira mandasi. Mugwirizanenso lamulo limodzi lolimba: woulula mapeto kwa mnzake amene sanamalize asabwerekenso mwezi wathunthu. Pouzana za buku muzinena za mudzi wake, za wofufuza wake, za funso limene lili pakati, basi. Kukoma kwina kwa mabukuwa kumabwera pamene awiri amene amaliza akhala pansi n'kumakumbutsana pamene aliyense adasocherera.

Tsono masamba ako aja. Pa intaneti pali nkhokwe ya mabuku akale yotchedwa Project Gutenberg, imene idayamba mu 1971, ndipo mabuku ake ndi aulere. The Murder of Roger Ackroyd, limene lidatuluka mu 1926, lilipo pamenepo lathunthu, pamodzi ndi The Hound of the Baskervilles, nkhani zambiri za Holmes, ndi buku loyamba la Poirot, The Mysterious Affair at Styles la mu 1920. Buku la mawu okhaokha silidya bandulo ngati kanema, ungalitsitse pafoni ndi kandalama kochepa n'kumaliwerenga ngakhale netiweki itathawa.

Koma usathamangire kumapeto lero lomwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iwe uli ndi mwayi umene owerenga ambiri sakhala nawo, woti buku lakuimitsa lokha pamalo oyenera. Christie sabisa umboni, amauika poyera n'kukuchititsa kuyang'ana kwina. Bwerera pa tsamba loyamba la buku lako long'ambikalo, uwerengenso ndi pensulo m'manja. Usiku wa imfa ija ulembe nthawi iliyonse imene yatchulidwa, ndi amene waitchula. Pa chilichonse chimene ukuti ukuchidziwa, udzifunse kuti wakuuza ndani, nanga iyeyo adachidziwa bwanji. Ukafikanso pamene masamba adathothokera, lemba dzina limodzi pakapepala ndi zifukwa zako, ukapinde, ukapereke kwa achimwene ako asunge m'bokosi la ndalama. Ukatero tsegula foni. Undilemberenso, Nangozo, undiuze dzina limene lidali pakapepalapo, ndi zimene malume ako adayankha za galu uja.

Ndine,
Azakhali